Amayi ndiwo amachuluka pamzere wovota, nanga m'Nyumba ya Malamulo amachepa bwanji?

Chisankho chikayandikira, kaya cha kumudzi kaya cha kuno, magulu a pa WhatsApp a Amalawi okhala mu Johannesburg sagona tulo. Wina wa ku Mayfair aponya kanema wa msonkhano wa pa Njamba kapena pa Masintha, bwalo lonse lili nsalu za chipani zokhazokha, amayi akuimba. Wina wa ku Diepsloot afunsa funso lija limabwera chaka chilichonse cha chisankho: poti amayi ndiwo amadzaza misonkhano, ndiwonso amatalikitsa mzere pa tsiku lovota, zimatheka bwanji kuti m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe azichepa chonchi, pamene ya kuno, ku Cape Town, atsala pang'ono kufika theka?

Mayankho ofulumira amakhala awiri. Ena amati amayi sakondana okhaokha. Ena amati Amalawi sitinachangamuke ngati anzathu a kuno. Onsewa amaloza chala wovota, chonsecho mbali yaikulu ya nkhaniyi imakhala itatha kale wovotayo asanagwire pepala. Imathera m'zipani ndi m'malamulo a kagawidwe ka mipando.

Tiyambe ndi manambala. Pa chisankho cha 2025 bungwe la MEC linalembetsa anthu pafupifupi 7.2 miliyoni, ndipo pafupifupi 57 mwa 100 alionse anali amayi. Kunonso, pa chisankho cha pa 29 Meyi 2024, amayi anali pafupifupi 55 mwa 100 alionse m'kaundula wa IEC, bungwe loyendetsa zisankho kuno ku South Africa. Apa mayiko awiriwa akufanana. Amasiyanirana pa mipando. Kwathu, mu 1994 amayi anapeza mipando 10 mwa 177. Mu 2009 anapitirira 40 mwa 193, mu 2014 anatsika kufika pa 32, mu 2019 anapitiriranso 40. Sanakwanepo gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuno, chaka chomwecho cha 1994 amayi anayamba ndi kupitirira gawo limodzi mwa anayi a mipando 400, ndipo mu 2019 anafika pafupifupi 46 mwa 100 alionse.

Kutenga mbali pa ndale n'kutani?

Si kuvota kokha. Ndi makwerero: kulembetsa, kuvota, kupita ku misonkhano, kukhala membala wa chipani, kulowa m'komiti, kupikisana, kupambana, ndipo pamwamba penipeni kukhala m'chipinda momwe mfundo zimamangidwa. Munthu akati "amayi amatenga mbali kwambiri" ndipo mnzake akati "ayi satenga", onse akhoza kukhala akunena zoona, kungoti akuyang'ana masitepe osiyana.

Taganizirani pamaliro a kumudzi. Otunga madzi, ophika, ochezera m'siwa ndi nyimbo usiku wonse, ambiri ndi amayi. Popanda iwo mwambo suyenda. Koma akamakambirana za nthawi yonyamula, za wolankhula m'malo mwa banja, za katundu wa malemu, kagulu kokhala pansi pa mtengo kaja kamachuluka abambo. Zipani zathu zambiri zimayenda motero.

Zimenezi zili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1950 mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa K200, anasonkhanitsa amayi mu Nyasaland African Congress kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mpaka anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda m'manja. Anakhala mayi woyamba m'boma pa udindo wothandiza nduna, koma mkangano wa nduna wa mu 1964 unawathawitsira ku Zambia, komwe anakhala zaka pafupifupi 30. M'zaka za chipani chimodzi malo a amayi pa ndale anadziwika ndi dzina loti mbumba: kuvala nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, kuimba ndi kuvina. Zipani zitachuluka mu 1994 nsalu zinachuluka mitundu, koma ntchito ya amayi pamsonkhano sinasinthe kwenikweni.

Kuno mbiri inayenda mwina. ANC inayamba kulandira amayi ngati mamembala enieni mu 1943. Pa 9 Ogasiti 1956 amayi pafupifupi 20,000 anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana malamulo a mapasi. Mayina a amene anawatsogolera timawaponda tsiku ndi tsiku m'tauni muno: msewu wa Bree tsopano ndi Lilian Ngoyi, wa Jeppe ndi Rahima Moosa, wa President ndi Helen Joseph. Pofika nthawi yokambirana malamulo atsopano a dziko, amayi a kuno anali kale ndi magulu olimba otha kuumiriza zipani zawo.

Jenda

Liwuli ambiri amalimva ngati likutanthauza "amayi", kapena "amayi ofuna kulamulira amuna". Tanthauzo lake si limenelo. Kubereka ndi kuyamwitsa ndi chilengedwe. Koma zoti wophika ndani, wolankhula pabwalo ndani, wosunga ndalama ndani, woyenda usiku popanda kunenedwa ndani, zimenezo ndi zimene anthu anagwirizana, ndipo ndizo jenda. Umboni woti zimasintha uli m'zipinda zathu zomwe: abambo ambiri amene kumudzi sankagwira mthiko, kuno amaphika nsima okha, ena ntchito yawo ndi yophika ndi kuchapa m'nyumba za mabwana.

Pa ndale jenda imaonekera pa zinthu zogwirika. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lathu limafuna kuti phungu akhale wa zaka zosachepera 21 ndiponso wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutsatira zokambirana. Lamuloli silitchula mwamuna kapena mkazi, koma m'dziko limene atsikana ambiri anasiyira sukulu panjira, limasefa amayi ochuluka. Kuno phungu amaloledwa kulankhula Chizulu, Chisutu kapena chilankhulo china chovomerezeka, womasulira alipo. Gawo lomwelo limaletsa wogwira ntchito m'boma kukhala phungu, ndiye mphunzitsi kapena namwino, amene kawirikawiri ndiye mayi wophunzira ndi wodziwika m'dera, ayenera kusiya ntchito yake kuti akapikisane pa mpando umene sakudziwa ngati aupeza.

Palinso funso loti "kwanu n'kuti?" Kumene kuli chitengwa kapena malowolo, mayi akaima kwa mwamuna wake amamuti ndi wobwera, akabwerera kwawo amamuti anachoka kale. Kumene kuli chikamwini vutoli limachepa, koma kukhala mwini mbumba ndi munda sikunasanduke mipando ya ku Lilongwe.

Chipani ndicho khomo

Kukhala wa chipani kuli mitundu iwiri: kuchikonda mumtima, ndi kupatsidwa chizindikiro chake pa pepala lovotera. Kwa wofuna mpando, chachiwirichi ndicho chimalemera.

Kuyambira 1994 mavoti a kwathu akhala akutsata madera. MCP imalimba m'chigawo chapakati. DPP imalimba ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. UDF mizu yake ili ku Mangochi ndi Machinga. Mu 1994 AFORD inasesa mipando yonse ya kumpoto. Malire amenewa amasuntha, koma akadalipo. Tanthauzo lake n'loti m'madera ambiri wopambana amadziwika pa tsiku la mapulaimale, chisankho cha chipulula chija, osati pa tsiku la chisankho chachikulu. Wotenga tambala ku Dowa kapena chimanga ku Thyolo wayenda kale mtunda waukulu.

Ndiye mapulaimale amayenda bwanji? M'zipani zazikulu savota mamembala onse. Zimavota ndi nthumwi zochokera m'makomiti a maeliya, kuphatikizapo a nthambi ya amayi ndi ya achinyamata. Wofuna kuimira amalipira kaye ndalama ku chipani. Likulu limatumiza anthu odzayendetsa mwambowo. Kawirikawiri opikisana amaima kutsogolo, nthumwi n'kufola kumbuyo kwa amene zikumufuna, kenako n'kuwerenga mitu.

Zimene zimasokonekera n'zodziwika, ndipo zimabwerezeka chisankho chilichonse. Choyamba ndi mndandanda wa maeliya: amene ali pafupi ndi akuluakulu a chipani m'dera akhoza kuonjezera maeliya atsopano odzaza anthu ake, kapena kufufuta a mnzake. Chachiwiri ndi tsiku ndi malo, zimene zikasinthidwa usiku amamva ndi okhawo ali m'kagulu ka mkati. Chachitatu ndi mayendedwe: nthumwi zochokera kutali zimadalira lole ya wopikisana, ndipo wokwera lole ya munthu savuta kudziwa kumbuyo koima. Chachinayi ndi kufola komweko, chifukwa palibe chinsinsi. Mayi amene ndi nthumwi amaonedwa ndi mwamuna wake, ndi tcheyamani wake, ndi amene anamupatsa nsalu dzulo. Palibe chimodzi mwa izi cholembedwa kuti chitchinge amayi. Koma zonse zimakomera munthu wa ndalama, wokhalitsa m'makomiti, wotha kukhala pamalo ochezera mpaka pakati pa usiku pomwe madilu amamangidwa. Anthu otere ambiri ndi abambo.

Chinanso chimabisala m'manambala. Chipani chikhoza kunyadira kuti chaimika amayi ambiri, koma funso lofunika n'lakuti chawaimika kuti. Mayi woimira chipani kudera kumene chipanicho sichinapambanepo amawerengedwa pa mndandanda wa opikisana, koma mwayi wake ndi wochepa. Pofuna kuyeza chipani chilichonse, werengani amayi amene chawapatsa madera amene chili ndi mphamvu.

Ngakhale pamwamba penipeni khomo ndi lomwelo. Mayi Joyce Banda anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2009 atasankhidwa ndi malemu Bingu wa Mutharika kuti ayende nawo. DPP inawachotsa m'chipani mu Disembala 2010, koma udindo unatsala chifukwa unachokera ku voti, ndipo mu Epulo 2012 malamulo anawapatsa utsogoleri. Mu 2014, ataima ndi chipani chawo cha PP, anakhala pa nambala yachitatu. Mayi Jane Ansah nawo anafika pa uchiwiri mu 2025 poyenda ndi a Peter Mutharika. Mayi Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi mu 2019 posankhidwa ndi aphungu anzawo. Njira zonsezi zinadutsa m'manja mwa zipani.

Njira ziwiri zogawira mipando

Apa ndiye pagona kusiyana kwakukulu.

Kwathu dziko linagawidwa m'madera, 193 kale, 229 kuyambira 2025. Dera lililonse limatumiza phungu mmodzi, ndipo wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi. Lamulo lofuna mavoti opitirira theka, limene linabwera ndi chigamulo cha khothi cha pa 3 Febuluwale 2020, limakhudza mtsogoleri wa dziko yekha. Njira ya phungu mmodzi pa derayi tinaitengera ku Britain. Chipani chimaimika munthu mmodzi pa dera, ndiye chimasankha amene chikuona kuti sangachigwetse: wodziwika kale, wa thumba lolemera. Makomiti 229 akaganiza motero, lililonse palokha, zotsatira zake zimakhala Nyumba yodzaza abambo popanda wina anakonza zimenezo.

Kuno, pa chisankho cha dziko, wovota amasankha chipani. Chipani chilichonse chimapereka ku IEC mndandanda wa mayina chisankho chisanachitike, ndipo mipando 400 imagawidwa molingana ndi mavoti. Chopeza mavoti 10 mwa 100 alionse chimatenga mipando pafupifupi 40, n'kuidzaza kuyambira dzina loyamba kutsika m'munsi.

Aliyense amene anaimapo pamzere pa renki ya Bree akuidziwa njirayi. Ovota ndiwo amanena kuti takisi ya chipani ikhale ya mipando ingati. Koma wolowa ndi amene ali kutsogolo kwa mzere, ndipo wokonza mzere ndi chipani. Chikaika mayi, bambo, mayi, bambo, monga mizere ya mbidzi, mwa anthu 40 olowa 20 adzakhala amayi. Chikaika amayi onse kuyambira nambala 41, mndandanda udzaoneka wokongola, koma palibe mayi adzakwere.

Umboni wabwino uli m'makhonsolo a kuno, chifukwa amagwiritsa njira zonse ziwiri tsiku limodzi. Khonsolo ya Johannesburg ili ndi makhansala 270: 135 osankhidwa m'mawodi ngati kwathu, 135 ochokera pa mindandanda ya zipani. Ovota ndi omwewo. Koma m'dziko lonse lino, chisankho ndi chisankho, amayi amachuluka pa mipando ya mindandanda kuposa ya mawodi. Zikanakhala kuti nkhani ndi mtima wa wovota wokha, mbali ziwirizi zikanafanana.

Njira ya mndandanda ili ndi mtengo wake, ndipo tisaubise. Phungu wa kwathu, ngakhale atakhala wosathandiza, anthu amadziwa dzina lake ndi nyumba yake, ndipo amamuchotsa. Aphungu ambiri a kwathu sabwerera chisankho chotsatira. Phungu wa kuno amaopa kwambiri amene amalemba mndandanda kuposa wovota. Dandaulo limeneli ndi lakale kuno, ndipo khothi lalikulu la Constitutional Court litagamula mu 2020, oima paokha analoledwa kupikisana koyamba mu 2024, ngakhale palibe anapambana.

Kota

Kota ndi lamulo loikiratu gawo la malo kwa gulu lina. Kwathu liwuli limakumbutsa mkangano wa kasankhidwe ka ophunzira a ku yunivesite, n'chifukwa chake ena amaipidwa nalo asanamve n'komwe. Pa ndale lili mitundu itatu, ndipo anthu amaisokoneza.

Mtundu woyamba ndi wodzipangira chipani chokha. ANC inayamba ndi gawo limodzi mwa atatu mu 1994, n'kukweza kufika theka pa msonkhano wake wa ku Polokwane mu 2007. EFF nayo imasinthanitsa amayi ndi abambo pa mndandanda. DA imakana kota, imati munthu aziyesedwa payekha. Palibe lamulo la dziko lokakamiza zipani pa chisankho cha dziko, kotero chiwerengero cha amayi chimadalira chipani chimene chakula. ANC itatsika kufika pa mipando 159 mu 2024, gawo la amayi nalo linatsikako.

Wachiwiri ndi lamulo la dziko louza zipani kuchuluka kwa amayi oti ziimike. Lamulo la makhonsolo la kuno la 1998 limangoti zipani ziyesetse kuti theka la mndandanda likhale amayi, popanda chilango.

Wachitatu ndi mipando yosungira amayi okha. Rwanda ili ndi 24 mwa 80. Uganda ili ndi phungu wamkazi pa boma lililonse. Kwathu, bungwe la Law Commission linapereka ganizo lotere mu 2017, loti boma lililonse mwa 28 likhale ndi mpando wa mayi, koma silinasanduke lamulo.

Ambiri amaganiza kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 linathetsa nkhaniyi. Lamulolo limati polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 mwa 100 alionse. Silikhudza mipando ya voti. Kampeni ya 50:50, imene inayamba chisankho cha 2009 chisanachitike, si lamulo. Ndi thandizo la maphunziro, zipangizo ndi kulengezetsa. Pangano la SADC la za jenda, limene linasainidwa mu mzinda uno wa Johannesburg mu Ogasiti 2008, linaika 2015 ngati chaka chofikira theka. Chakacho chinadutsa mayiko ambiri asanafike.

Ofuna kota amati khomo limene lakhala lopapatiza zaka zonsezi silingakule lokha. Okana amati mayi wolowera pa kota amaonedwa ngati wongopatsidwa, ndipo kumene kuli mipando yosungidwa zipani zimauza amayi kuti "inu muli ndi yanu", n'kuwatsekera mipando ina yonse. Madandaulo onse awiri ali ndi maziko.

Ndipo kuchuluka si mphamvu. Mu Disembala 2017 ku Nasrec, pafupi ndi Soweto, a Nkosazana Dlamini-Zuma anagonja kwa a Cyril Ramaphosa ndi mavoti 179, ndipo mwa akuluakulu 6 a ANC amene anasankhidwa pamenepo mayi anali mmodzi. A Mpho Phalatse a DA anakhala meya wa Johannesburg mu Novembala 2021, n'kuchotsedwa ndi makhansala mu Januwale 2023 mgwirizano wa zipani utasweka. South Africa, ndi aphungu aakazi onsewa, sinakhalepo ndi mtsogoleri wa dziko wosankhidwa wamkazi. Malawi, ndi aphungu ake ochepawo, analamulidwapo ndi mayi zaka ziwiri.

Chipani chikakutaya

Kuno phungu akachoka kapena akachotsedwa m'chipani, mpando wapita, wotsatira pa mndandanda alowa. Kusamuka ndi mpando kunaloledwa kwa zaka zochepa, n'kuthetsedwa mu 2009. Kwathu gawo 65 limapatsa sipikala mphamvu yolanda mpando wa phungu wosamukira chipani china, koma lakhala lovuta kugwiritsa ntchito. Mkangano wake unagwedeza Nyumba a Bingu atachoka mu UDF mu 2005 aphungu ambiri n'kuwatsatira.

Chimene kwathu kuli chotseguka ndi kuima pawekha. Mu 2014 oima paokha anapambana mipando 52, mu 2019 mipando 55. Ambiri mwa iwo ndi anthu amene anaona kuti anaberedwa pa mapulaimale. Kwa amayi ili ndi khomo lakumbuyo lofunika, koma lodula: galimoto, nsalu, mamonita a pa malo onse ovotera, zonse zimachoka m'thumba la mwini.

Ndalama ndi manyazi

MEC imadula pakati ndalama yolembetsera amayi. Mu 2019 wofuna uphungu ankalipira K500,000 ngati ndi bambo, K250,000 ngati ndi mayi. Mu 2025 zinali K2.5 miliyoni ndi K1.25 miliyoni. Ndi thandizo ndithu, koma ndalama imeneyi ndi kadontho chabe. Yaikulu imathera pa zaka zapakati: bokosi la maliro, galimoto yonyamula wodwala, mpira ndi mayunifomu a timu ya m'mudzi, malata a tchalitchi, fizi ya mwana wa mnansi. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma limalola zinthu monga zovala za kampeni, chakudya ndi ndalama yoyendera pa msonkhano, ndiye malire ake savuta kuwoloka.

Pamwamba pa ndalama pali chipongwe. Bambo wa ndale amanyozedwa pa ntchito zake. Mayi amafunsidwa za mwamuna wake, za kavalidwe kake, za amene "anamukweza". Mwambi woti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo wamvekapo pa nsanja za kampeni. Pakhalanso nkhani za amayi ovulidwa zovala za chipani pagulu, zimene bambo sachitidwa kawirikawiri. Cholinga cha nkhanza zotere si mayi mmodziyo, koma ena onse amene akuonerera n'kumaganiza zodzaima.

Nanga ife a ku Joni?

Ambiri a ife tili pakati pa zisankho ziwiri, osavota pa chilichonse. Kuno gawo 19 la malamulo aakulu limapereka voti kwa nzika zokha. Ngakhale wokhala ndi chilolezo chokhalitsa savota. Kwathu gawo 77 limalola mlendo amene wakhala m'dziko zaka 7 kuvota, koma nzika yokhala kunja ilibe povotera: ku kazembe ku Pretoria kapena ku ofesi ya ku Johannesburg kulibe bokosi la voti. Nzika za South Africa zokhala kunja zimavotera ku maofesi a kazembe wawo.

Wofuna kuvota ayenera kukhala ndi chiphaso cha unzika cha NRB, kupita kumudzi nthawi imene kalembera wafika m'boma lake, kenako kupitanso pa tsiku lovota. Ndi maulendo awiri a basi, uliwonse wa masiku awiri kapena kuposa, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Amene masiku ake a pa pasipoti anatha amadziwa kuti akatuluka akhoza kudindidwa kuti asalowenso kwa chaka kapena zaka. Apa naponso jenda ikuonekera. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, wogonera konko, amene amapuma Lamlungu lokha, sangapemphe tchuthi kawiri m'chaka chimodzi. Wa ana aang'ono alibe womusiyira. Misonkhano ya nthambi za zipani za kwathu imachitika Loweruka kapena Lamlungu masana, nthawi yokhayo imene mayiyu ali nayo yochapa, yogula ndi yopemphera.

Komatu kusavota sikutanthauza kuti tilibe mawu. Wotumiza ndalama ya feteleza ndi fizi pa Mukuru akaimba foni n'kunena maganizo ake, kunyumba amamvera, ndipo amayi otumiza ndalama achuluka. Kuno gawo 17 limapatsa munthu aliyense, osati nzika yokha, ufulu wosonkhana mwamtendere ndi kupereka madandaulo. Malamulo a makhonsolo amawerengera wokhala m'dera ngati mbali ya anthu oyenera kumvedwa pa misonkhano ya mapulani a chitukuko, ndipo kholo limene mwana wake ali pa sukulu ya boma limaitanidwa ku misonkhano ya makolo. Onaninso magulu athu a maliro ndi a chipereganyu: msungichuma kawirikawiri ndi mayi, chifukwa ndiye wokhulupirika pa ndalama, koma wapampando ndi bambo. Makwerero aja tinawanyamula pa basi.

Mafunso amene akadali poyera

Kodi Malawi asinthe njira yogawira mipando, kapena asunge madera n'kuonjezera mipando ya amayi? Akaonjezera, phungu wa boma lonse adzagwira bwanji ntchito ndi aphungu a madera a m'bomalo, ndipo malipiro ake adzachokera kuti?

Gawo 40 la malamulo aakulu a kwathu limati boma lizipereka ndalama ku chipani chopeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa khumi. Kodi ndalamayo imangiriridwe ku chiwerengero cha amayi amene chipani chaimika, kapena kumeneko n'kulowerera ufulu wa chipani? Nanga mapulaimale akhalebe nkhani ya m'nyumba ya chipani, kapena lamulo liumirize voti yachinsinsi ndi mndandanda wa nthumwi wolengezedwa nthawi ikadalipo?

Kodi aphungu aakazi akachuluka, moyo wa mayi wamba umasintha? South Africa ili ndi amayi ambiri m'Nyumba ya Malamulo, komanso nkhanza kwa amayi zikadali zoopsa. Ena amati izi zikusonyeza kuti manambala sathandiza, ena amati popanda amayiwo malamulo oteteza amayi amene alipo sakanabwera. Ndipo chipani chikalamula zosemphana ndi zofuna za amayi a m'dera lake, phungu wamkazi amvere ndani?

Lomaliza ndi lathu. Amalawi okhala kunja akadzaloledwa kuvotera komwe ali, adzavotera mtsogoleri wa dziko yekha kapena ndi phungu yemwe, ndipo wa dera liti? Ngati bokosi lidzakhale ku ofesi ya kazembe kokha, pa tsiku la ntchito, mayi wogonera kwa bwana ku Randburg ndi bambo wopanda mapepala ku Diepsloot adzafikako?